Zidebe Zotsuka za ku Khola la Mbuzi

Sajeni Jestina Kaitano anafunsa kachitatu, ndipo kachitatu anayankhidwa chimodzimodzi.

“A Gideoni, munagulitsa mapira aja?”

“Inde bwana.”

“Munagulitsa kwa yani?”

“Sindinagulitse bwana.”

Jestina anaika cholembera pansi n'kuyang'ana kudenga la kachipinda ka polisi ya Bindura, pomwe madzi a mvula ya dzulo anali atajambula mapu. Mkulu uja anakhala pabenchi atagwira chipewa ndi manja onse awiri. Anali wa zaka makumi asanu ndi awiri, wobadwira pa pulazi pomwe amawetapo mbuzi, kumsewu wa ku Madziwa. Bambo ake anachoka ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito, ndipo iwo ku Ntcheuko sanapondeko n'kamodzi komwe. Jestina anapatsidwa mlanduwu chifukwa pa polisi yonseyo ndiye yekha amene ankalankhula Chichewa, chimene anachiphunzira kwa agogo ake ku Chipadze. Koma lero Chichewacho sichinkamuthandiza. Akafunsa mokweza, mkuluyo ankavomera. Akafunsa mofatsa, ankakana. Akafunsa kumene mapira anapita, ankayang'ana chipewa.

Nkhani yake inali yotere. Mwini pulazi, a Benard Mutero, anadandaula kuti mbuzi zawo khumi ndi zinayi zafa m'masabata atatu. Ankati wozisamala, a Gideoni, wakhala akuba chakudya chapadera chimene chimayenera kuteteza mbuzizo ku njoka za m'mimba. Analamulanso kuti pofika Loweruka, banjalo likhale litachoka m'nyumba ya pakomboni. Lero linali Lachinayi. Munthu wa pa pulazi wopanda kumudzi akachotsedwa pakomboni, komwe amapita ndi m'mphepete mwa msewu, ndipo Jestina ankadziwa zimenezo osachita kuuzidwa.

Bwana wake anali atamuuza kale m'mawa kuti nkhalambayo yavomera, alembe basi. Galimoto la polisi linalibe mafuta. Jestina anatenga chikwama n'kupita kukakwera kombi, minibasi ya kumeneko.

A Mutero anamulandira pakhonde ali chiimire, osamupatsa mpando. Anali munthu wamtali, wovala nsapato za mphira zoyera ngati sizinapondepo matope. Ankalankhula Chishona chothamanga, uku akuloza ndi makiyi a galimoto.

Anafotokoza kuti mtsikana wina wa ku yunivesite, Nokutenda, anabwera mu Novembala kudzapempha kuyesera njira yatsopano pa mbuzi zawo. Lolemba lililonse ankabweretsa chidebe cha mapira okonzedwa, chotseka bwinobwino, ndipo a Gideoni ankayenera kupatsa mbuzi pang'onopang'ono m'mawa uliwonse. Zidebe zisanu ndi zitatu zinalowa m'stolo. Mbuzi zitayamba kufa, mtsikanayo anapima ndowe zake ndipo sanapezemo kanthu kosonyeza kuti zinadyapo mapirawo. Makiyi a stolo anali awiri, a iwo ndi a mkuluyo. Loko sanathyoledwe.

“Ndipo mkazi wake ndinamuona ndi maso angawa,” anatero a Mutero. “Kawiri. Atasenza chidebe chokutira ndi nsalu, akutsetserekera kumsewu komwe kumaima makombi. Mukufunanso chiyani, Sajeni? Anthu amenewa ndinawapeza pano, ndinawasunga. Malipiro ake ndi amenewa.”

Jestina anafunsa ngati zidebezo zinasowa. Iwo anati ayi, zonse zili m'stolo.

Anapempha kuziona. Zinali zitasanjikizidwa pakona, chimodzi m'kati mwa chinzake, zotchingira zake zili pambali. Anasolola chimodzi n'kuchinunkhiza. Chinkanunkha sopo wobiriwira wochapira uja. Chachiwiri chimodzimodzi. Zonse zisanu ndi zitatu zinali zitakwechedwa mpaka kuwala.

Pa zaka khumi ndi ziwiri za ntchito yake, Jestina anali asanaonepo mbala yotsuka chidebe ndi sopo wake n'kuchibweza.

Jestina anam'peza Nokutenda m'kanyumba kosungiramo fodya kale, komwe mtsikanayo anaikako tebulo, timabotolo ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anali wamng'ono thupi, maso ofiira ngati wosagona bwino. Atamva dzina loti Kaitano anamwetulira pang'ono n'kunena kuti agogo akenso anali a ku Malawi, koma iye Chichewa amangomva, kuyankha kumamukanika.

Jestina anamuuza kuti afotokoze ngati akufotokozera mwana, chifukwa iye sukulu ya zinthu zimenezi sanapite. Mtsikanayo anatsegula kabotolo. M'katimo munali mapira oyera, ophika, atakutidwa ndi chuku chotuwa ngati thonje lakale. Fungo lake linali la m'nkhokwe yodontha.

Anati chuku chimenechi ndi mtundu wa bowa wa m'nthaka, ndipo amachibzala dala pa mapira. Mbuzi ikadya, njere za chukucho zimadutsa m'mimba osafa n'kutuluka ndi ndowe. M'ndowemo ndi momwe mazira a njoka za m'mimba amaswera. Chuku chija chimamera momwemo, chimatambasula timaulusi tokhala ndi timalupu, ndipo tiana ta njoka tikamayenda timakodwa n'kufa tisanakwere pa udzu. Mbuzi zikamadya udzuwo sizimezanso njoka zatsopano.

“A Gideoni unawafotokozera zimenezi?”

“Ndinawauza kuti ndi mankhwala a njoka,” anayankha m'Chishona. “Ndinawauza muyeso wake. Anati inde.”

“Kwa inenso akuti inde.”

Jestina anafunsa chimene chinapha mbuzizo. Nokutenda anati dokotala wa ziweto anatumbula ziwiri n'kupeza m'mimba muli njoka zodzaza, zofiira ndi magazi, ndipo mbuzizo zinafa chifukwa chotha magazi. Atafunsidwa ngati chukucho chikanazipulumutsa, mtsikanayo anayamba kusanja timabotolo tomwe tinali tosanja kale. Anati nkhaniyo ndi yovuta. Anati zimatengera zinthu zambiri. Anatinso kafukufukuyu ndiye digiri yake yonse, ndipo pulazi ina yomulola sangaipeze mvula isanathe.

Jestina anadikira. Mtsikanayo anangopitiriza kusanja timabotolo take.

Jestina anatuluka akudziluma mlomo. Mkulu wovomera chilichonse, mwini pulazi wodziwa chilichonse, tsopano wophunzira wosadziwa chilichonse. Analowera kukhola kuti mwina mbuzi zimuyankha bwinoko.

Zinali zowonda, ubweya utaima, zina zitatupa kunsi kwa chibwano. Anagwira imodzi n'kuikoka chikope monga ankachitira malume ake. M'kati mwa chikope munali moyera ngati pepala. Chodyeramo chinali mgolo wodula pakati. Jestina anagwada, nayendetsa chala m'ngodya momwe lilime la mbuzi silifika, n'kutulutsa tinjere touma tomwe tinakanirira m'dzimbiri.

Anatiika pachikhatho n'kutiyang'ana padzuwa. Anali mapira. Koma anali ofiira.

Nyumba ya a Gideoni inali yachitatu pamzere wa komboni, ya njerwa zosawotcha, malata atawapanikiza ndi miyala. A Zelesi, mkazi wawo, anali atamanga kale mitolo iwiri ya zovala, ndipo ankakulunga mbale m'nyuzipepala. Anali mayi wamfupi, wolankhula mokweza ngati aliyense ndi wogontha. Atamva Chichewa cha Jestina anafunsa kaye kuti ndi mwana wa yani, ndipo atauzidwa, anati amawadziwa a Kaitano a ku mgodi, amene ankaimba mokweza kuposa kwaya yonse koma osatsata nyimbo.

Jestina anawaonetsa tinjere tofiira tija. A Zelesi anatiyang'ana n'kupitiriza kukulunga mbale.

Anafunsa ngati m'nyumbamo muli mapira ofiira. Mayiwo anati analimo, thumba lathunthu, lomwe ankasungira thobwa la Pasaka ku mpingo. Tsopano latha. Atafunsidwa amene anamaliza, anati akafunse amuna awo, popeza ndi amene ali ndi ana ambiri, a miyendo inayi.

“Ndiye a Gideoni amadyetsa mbuzi za a Mutero mapira anu?”

“Ine sindinanene.”

“Nanga oyera aja, a m'zidebe, anapita kuti?”

“Mwanawe, mwamuna wanga anandiletsa kulankhula. Zaka makumi asanu ndakhala naye, sanandiletsepo kanthu, n'kale lomwe anadziwa kuti sizingatheke. Ichi chokha wandiletsa. Ukufuna ndimuchititse manyazi ali m'chitokosi?”

Jestina anawakumbutsa kuti Loweruka ndi mkuja. Anawauza kuti manyazi sadzawafunditsa mvula ikamagwa pamsewu. Mayiwo anamanga mfundo ya mtolo mwamphamvu, n'kunena kuti kumsewu kwa makombi iwo sanapiteko ndi chidebe, ndipo amene anawaona akadatsatira mapazi m'malo moyang'anira pagalasi la galimoto.

Njira yotsetserekera kumsewu inkagawikana pa mtengo wa mkuyu. Yakumanja inkapita kokwerera makombi. Yakumanzere, yobisika ndi udzu wautali, inkatsikira kumadimba a m'mbali mwa mtsinje. Munthu ali pakhonde kapena m'galimoto la a Mutero sakanatha kuona mphambanoyo.

Kumadimba anapezako mayi mmodzi akuzula matimati ofota n'kumawaponya pamulu. Dzina lake anali Shuvai, wokwatiwa ndi woyendetsa thirakitala. Sanadikire kufunsidwa. Anati ngati apolisi abwera, abwerere zenizeni, osati za mbuzi. Chaka chino matimati a aliyense afota masana ngakhale nthaka ili yonyowa. Anazula limodzi n'kulikankhira kumaso kwa Jestina. Mizu yake inali yotupatupa, timfundo tokhatokha ngati mkanda.

“Aliyense, kupatula ambuya aja,” anatero, akuloza ndi chibwano dimba la a Zelesi. “Mbewu tinagula limodzi ku Chipadze, madzi ndi amodzi. Awo akubiriwira ngati a m'kalendala. Ine ndimapemphera, sindinena za anthu. Koma munthu wamkulu akamabwera m'mawa ndi chidebe chokutira, n'kumakwirira zinthu patsinde uku akuyang'ana uku ndi uku, inu mumati n'chiyani?”

Jestina anadumpha ngalande n'kulowa m'dimba la a Zelesi. Anasankha tsinde lakumapeto, napempha khasu la Shuvai, n'kukumba m'mbali mwake. Pakuya kwa chikhatho chimodzi, khasu linatulutsa dothi losakanikirana ndi njere zoola, zoyererako, zolukanalukana ndi timaulusi totuwa. Anazula tsindelo. Mizu yake inali yosalala, yayitali, mfundo ziwiri kapena zitatu zokha.

Anaimbira foni ku polisi. Anauza bwana wake kuti akufuna a Gideoni abweretsedwe ku pulazi mawa m'mawa. Bwanayo anafunsa kuti pa mafuta ati. Jestina anati awakweze kombi, iye akawadikira pamsewu.

Lachisanu m'mawa anawasonkhanitsa onse m'kanyumba ka Nokutenda. A Mutero anaima pakhomo akuyang'ana wotchi. A Zelesi anakhala pansi pafupi ndi amuna awo. Patebulo Jestina anaikapo zinthu zitatu: tinjere tofiira ta m'mgolo, dothi la m'dimba, ndi matsinde awiri a matimati.

Anafotokoza mwachidule. Mapira oyera sanagulitsidwe, ali pansi pa matimati a a Zelesi, ndipo aliyense wofuna angathe kukakumba. Mbuzi zinkadya mapira ofiira a m'nyumba ya a Gideoni, muyeso womwewo, tsiku lililonse. Kenako anatembenukira kwa mkulu uja, ndipo ulendo uno sanafunse ngati wapolisi.

“Agogo, ndaona zonse. Chatsala n'chakuti mundiuze chifukwa.”

A Gideoni anatembenuza chipewa kangapo. Atayamba kulankhula, analankhula motsitsa, kwa Jestina yekha. Anati chaka cha chilala chachikulu chija, cha chimanga chachikasu, mzungu wa pa pulazi pano anagula chakudya cha ng'ombe chimene chinanyowa m'njira n'kuchita chuku. Mchimwene wawo wamkulu, amene ankasamala ana a ng'ombe, anauzidwa kuti adyetse, ndipo anadyetsa. Ana a ng'ombe makumi awiri anafa sabata imodzi. Mzunguyo sanakumbukire kuti analamula ndi iye. Mchimwene wawoyo anachotsedwa pakomboni ndi ana asanu, ndipo anakafera ku Madziwa m'chisakasa. Kuyambira pamenepo iwo chinthu chachuku sapatsa chiweto, alamule ndani.

Jestina anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire Nokutenda.

“Mwana wapita kusukulu mpaka kumwamba, wabwera ndi bwana. Ine ndinene kuti mwana iwe, chakudya chako chawola? Pamaso pa bwana? Pa pulazi sitikana, mayi. Timati inde, kenako timasamala ziweto.”

Anawonjezera kuti anauza akazi awo kukwirira mapirawo kutali kuti nkhuku zisatole. A Zelesi anadula mawu n'kunena kuti chowola ndi manyowa, ndipo iwo sanaleredwe kutaya manyowa m'tchire.

A Mutero anaseka mosakondwa. Anati kaya kuba kaya kukwirira, mbuzi zawo zafa chifukwa munthuyu anazimana mankhwala. Loweruka ndi Loweruka basi.

Apa ndi pomwe Jestina ankaopa. Anayang'ana Nokutenda, koma mtsikanayo ankayang'ana pansi. Kumukakamiza pamaso pa mwini pulazi kukanangomutseka pakamwa. Choncho Jestina anamupempha chinthu china: aonetse agogowa chimene anakwirira, kuti adziwe kulakwa kwawo.

Nokutenda anatenga kagalasi kamene anakonza masiku apitawo, nakaika m'makina, n'kuwongola. A Gideoni anaweramira monyinyirika, diso limodzi atatsinzina. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anapempha kuti asunthe pang'ono, ndipo anaweramanso.

“Aka kakuphiriphitha n'kanjoka?”

“Ehe, sekuru,” anayankha Nokutenda, kutanthauza agogo m'Chishona.

“Kagwidwa m'khosi.” Anadzuka n'kuyang'ana mtsikanayo kwa nthawi yoyamba. “Ili ndi khwekhwe. Ngati lomwe timatchera nkhanga. Limatchera kuti?”

Nokutenda anayesa Chichewa chake chothyokathyoka. “Mu ndowe, sekuru. Panja. Pa udzu.”

“Osati m'mimba?”

“Ayi.”

A Gideoni anawerenga zinthu m'mutu. Kenako, kwa nthawi yoyamba pa zaka zonse zimene anagwira ntchito pa pulaziyo, analankhula kwa bwana asanafunsidwe. Anati khwekhwe limagwira nyama imene ikubwera. Imene yalowa kale m'munda siligwira. Mbuzizi zinalowa m'dzinja zili ndi njoka kale, iwo anaona zikope mu Novembala, ndipo anapempha mankhwala omwetsa a njoka kawiri. Anayankhidwa kuti chaka chino kuli njira yatsopano.

Jestina anamasulira m'Chishona liwu ndi liwu, osachotsa kanthu. Kenako anafunsa Nokutenda, mofatsa, ngati agogowa akunama.

Mtsikanayo anapukuta manja pa siketi. Anatulutsa foni, nafufuza, n'kuipereka kwa Jestina. Unali uthenga umene anatumizira a Mutero pa 9 Novembala. Unkanena kuti mbuzi zonse zimwetsedwe kaye mankhwala a njoka kafukufuku asanayambe, chifukwa chuku sichipha njoka zimene zili kale m'mimba, chimangochepetsa zatsopano pa msipu. Pansi pake panali yankho la a Mutero. Ankati iwo analonjeza wogula wawo wa ku Harare mbuzi zosamwa mankhwala a m'botolo, ndipo mtsikanayo achite za chuku zakezo, zina azisiye kwa eni ake.

Jestina anawerenga mokweza mauthenga onse awiri. Anafunsa Nokutenda ngati mbuzi khumi ndi zinayi zija zikanapulumuka a Gideoni akanadyetsa mapira oyera.

“Mwina ziwiri kapena zitatu,” anayankha. “Zambiri zikanafabe.”

A Mutero anayang'ana wotchi, ngakhale anali atangoiyang'ana. Jestina anawauza kuti mlandu wakuba palibe, popeza katundu sanachoke pa pulazi. Ngati akufuna kuchotsa banjali chifukwa cha imfa ya mbuzi, nkhaniyo ikafika ku ofesi ya zantchito, ndipo kumeneko foniyi ikawerengedwanso, wogula wa ku Harare n'kumva zonse. Anatsegula buku lake n'kudikira.

A Mutero anatola tsinde la matimati la mizu yosalala n'kuliyerekeza ndi linzake. Anafunsa Nokutenda ngati chuku chomwecho ndicho chachita zimenezi. Iye anati n'kutheka, chifukwa tinjoka ta m'nthaka totupitsa mizu ndi pachibale ndi ta m'mimba, koma dimba limodzi si umboni, afunika kuyesa bwinobwino. A Mutero anali ndi maekala anayi a matimati kuseri kwa damu. Anabweza tsindelo patebulo mosamala kuposa mmene analitolera.

Anati nkhani ya Loweruka aiiwale. Mankhwala omwetsa abwera masana. Kupepesa sanapepese, ndipo anatuluka osayang'ana aliyense.

Jestina anapuma mozama. Anaganiza za bwana wake, amene adzafunsa chifukwa chimene watayira masiku awiri pa mlandu wopanda wakuba. A Gideoni anali ataweramiranso m'makina muja, akufunsa Nokutenda kuti Lolemba abweretsa chidebe nthawi yanji, ndipo ulendo uno afotokoze pang'onopang'ono, iwo amuphunzitsa mawu amene akusowa.

Jestina anatseka buku n'kuimirira, koma a Zelesi anamugwira mkono.

“Usatseke, mwanawe. Iwe walemba za mapira oyera okhaokha. Thumba langa lofiira ladyedwa ndi mbuzi za munthu uja, Pasaka ikubwera, ndipo amayi a ku mpingo akudikira thobwa. Kapena apolisi mumalembera a magalimoto okha?”

Jestina anayang'ana a Gideoni. Mkuluyo anayang'ana chipewa. Sajeni anakhalanso pansi, natsegula tsamba latsopano, n'kulemba pamwamba pake dzina la wodandaula.